Cimene Maso Saciona: Kuphunzira Cikhalidwe ca Zinthu ndi Manja Athu

Nkhani yathu ya lero ndi ya sayansi, ndipo tikambirana za zinthu zimene zatizinga ndi cikhalidwe cake. Mau ambiri ndilankhula ndi inu aphunzitsi, koma ana musaodzere, pakuti zoyesa zimene ndichule ndi zanu, ndipo mudzazicita ndi manja anu.

Ndiyambe ndi kuulula colakwa canga. Pamene ndinali mphunzitsi watsopano pa sukulu ina ya kumudzi, ndinaphunzitsa mutu umenewu sabata yathunthu. Ndinalemba pa bolodi kuti cinthu ciri conse ciri ndi kulemera kwake ndipo cimatenga malo. Ndinalembanso magulu atatu aja: zolimba, zamadzimadzi ndi mipweya. Ana anakopera, naloweza, nabwereza onse pamodzi mokweza, ine mtima uli m'malo. Tsiku Lacisanu ndinanyamula tambula youma imene inali pa tebulo ndi kufunsa kuti, "Kodi umu muli ciani?" Onse anayankhira pamodzi, "Mulibe kanthu, aphunzitsi!" Awa anali ana omwe aja amene dzulo lake analemba bwino lomwe kuti mpweya ndi cinthu ndipo umatenga malo. Mau anali m'mabuku mwao, koma kwa iwo tambula inali yopanda kanthu. Mlandu sunali wao. Ine ndinawauza za mpweya, koma sindinawapatse mpata woti aupeze okha.

Mwana amakhulupirira maso ake. Mcere ukasungunuka amati watha. Madzi akauma pabwalo amati atha. Cimene saciona, kwa iye kulibe. Nchito yaikulu ya mutu uwu ndiyo kumthandiza kuzindikira kuti cinthu cikabisika ku maso sindiye kuti catha. Zimenezi mwana sangazibvomere pongouzidwa, koma pokhapokha atayesa yekha. Ndipo tisanasiyane ndikuonetsani kuti nzeru imeneyi si ya pa mayeso pokha, pakuti imapulumutsa moyo.

Zipangizo ziri pafupi

Ndidziwa zimene ena a inu mukunena mumtima: "Ife tiribe cipinda ca sayansi, nanga tiyesa ndi ciani?" Dandaulo limeneli ndi loona, koma pa mutu uwu silitiletsa kanthu. Zofunika ndi izi: beseni kapena ndowa, tambula yoonekera mkati, mabotolo osiyana msinkhu, zitini ziwiri zofanana, cingwe, ndodo yoongoka, mcere, mcenga, dongo, misomali, tizidutswa ta mitengo, kandulo ndi pampu ya njinga. Kutatsala masiku awiri, uzani ana kuti ali yense abweretse cimodzi, ndipo muzisunge m'katoni pakona ya kalasi. Mwana amene wabweretsa msomali kucokera kwao amafunitsitsa kuona cimene ciucitikire msomali wakewo.

Coyesa ciri conse muyambe mwaciyesa nokha kunyumba madzulo. Mukatero mudzadziwa pamene pamabvuta, ndipo simudzacita manyazi pamaso pa ana.

Njira yake iri ndi mbali zinai. Coyamba, funsani funso limene lingayankhidwe poyesa. Caciwiri, ana anene cimene aganiza kuti cicitika asanakhudze kanthu, ndipo inu mulembe maganizo ao pa bolodi. Cacitatu, ayese okha. Cacinai, afotokoze zimene aona m'mau ao, m'cilankhulo cimene amacidziwa bwino. Dzina la m'buku libwere pambuyo. Mbali yobvuta kwa ife aphunzitsi ndi yaciwiri, cifukwa yankho limatiyabwa pakamwa. Mwana akaganiza molakwa musamdzudzule, ngakhale kumkwinyira nkhope. Madzi a m'beseni adzamuongola bwino koposa inu. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Zolimba ndi zamadzimadzi

Yambani ndi zimene maso amaona. Yalani pa mphasa mwala, msomali, coko, dongo lonyowa ndi mphira wa chubu ca njinga. Ana azikande, azipinde, azikoke, azigogode. Adzapeza kuti msomali umakanda coko, koma coko sicikanda msomali. Mphira ukakokedwa umabwerera, koma dongo silibwerera. Kenaka funsani kuti, "Cifukwa ninji amai amatakasa nsima ndi mthiko wa mtengo, osati ndi citsulo?" Imikani mthiko ndi supuni yacitsulo m'madzi otentha pang'ono, ndipo patapita kanthawi ana akhudze zogwirira zake. Supuni ifunda, mthiko ayi. Pamenepo adzaona kuti cinthu ciri conse timacisankhira nchito malinga ndi cikhalidwe cake.

Tsopano tengani madzi. Thirani kapu imodzi m'mbale yotambalala, ndi kapu ina yofanana m'botolo lalitali. Funsani kuti madzi ambiri ali muti. Ana aang'ono ambiri adzaloza botolo, cifukwa m'menemo madzi akwera pamwamba. Musatsutse. Aloleni abwezere madziwo m'makapu. Akaona kuti makapu onse awiri adzaza mofanana, adzanena okha kuti madzi amatsata maonekedwe a cotengera cake, koma kuculuka kwake sikusintha.

Pamenepa mwana wocenjera angafunse kuti, "Nanga mcenga ndi ufa, poti nazonso zimathirika, kodi ndi zamadzimadzi?" Muyamikeni mwana wotere, pakuti safunsa anadya phula. Athire mcenga pa tebulo, aone kuti waunjikana mulu. Ayese kuunjika madzi, aone ngati zitheka. Kenaka atole kamcenga kamodzi pa cala, akayang'anitsitse. Ndi kamwala kakang'ono kokhala ndi maonekedwe akeake.

Comira ndi coyandama

Dzazani beseni. Musanaponyemo kanthu, funsani lamulo. Ana adzati zolemera zimamira, zopepuka zimayandama. Lembani pa bolodi. Tsono aponyemo kamsomali kakang'ono ndi cidutswa cacikulu ca nkhuni youma. Kamsomali kopepuka kamira, nkhuni yolemera yayandama, ndipo lamulo lao lagwa. Adzapanga lina: zitsulo zimamira, mitengo yonse imayandama. Inu a m'cigwa ca Luangwa muli ndi mwai, pakuti kwanuko kuli mtengo wa tsanya, umene ena amaucha mopani. Kacidutswa ka mkati mwenimweni mwa mtengo umenewu kamamira ngakhale kali kouma. Lamulo laciwiri nalonso lagwa.

Coona ndi ici: tiyenera kulinganiza kulemera kwa cinthu ndi kulemera kwa madzi amene angadzaze malo ofanana naco. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Mkuwa wodzaza malo a lita imodzi umalemera pafupifupi makilogalamu 9, cotero umamira. Mitengo yambiri youma siifika pa kilogalamu imodzi, cotero imayandama; tsanya amapitirira pang'ono.

Gawirani gulu liri lonse nthuli ziwiri za dongo zofanana. Ina aibulunge ngati mpira, ina aiumbe ngati kambale kopyapyala. Mpira umira, kambale kayandama kwa kanthawi kasananyowe. Apikisane kuona kambale kamene kanyamule njere za cimanga zambiri. Dongo ndi lomwelo, kulemera ndi komweko. Casintha ndi malo amene dongolo latenga m'madzi. Ndi cifukwa cake maboti acitsulo a asodzi a kapenta samira pa nyanja ya Kariba. Tsono funsani kuti, "Kodi m'kati mwa kambaleko muli ciani?" Wina adzati mulibe kanthu. Apo mwafika pa phunziro la mpweya.

Tambula yopanda kanthu

Ana, cherani khutu, pakuti ici mungaciyese ngakhale lero kunyumba. Finyani pepala louma, mulikanikizire pansi penipeni pa tambula kuti lisagwe. Tembenuzani tambulayo kukamwa kuloze pansi, ndi kuimiza yonse m'ndowa ya madzi, moongoka, osaipendeketsa. Werengani mpaka khumi, muitulutse moongoka momwemo, ndipo mukhudze pepala. Mudzalipeza louma. Nanga cinaletsa madzi kulowa n'ciani, ngati m'tambula munalibe kanthu? Imizaninso, koma tsopano muipendeketse pang'ono. Muona thobvu likukwera, bwubwubwu, ndipo madzi alowa, pepala linyowa. Cimene cinali m'tambula catuluka inu mukuona. Umenewo ndiwo mpweya.

Aphunzitsi, musafulumire kucoka pa coyesa ici. Mwana ali yense aimize tambula ndi dzanja lake, amve mmene madzi akuikankhira m'mwamba. Tsiku limene ine ndinacita zimenezi ndi ana anga aja, mtsikana wina amene sanali kulankhula konse m'kalasi anabwereza katatu, kenaka anati, "Aphunzitsi, ndiye kuti ndi m'kalasi muno namonso mwadzaza?" Funso limenelo linandiuza kuti phunziro lalowa.

Pambuyo pake tengani pampu ya njinga. Mwana atseke kabowo ndi cala, nakankhe. Cogwirira citsika pang'ono, kenaka cilimba, ndipo akacisiya cibwerera. Mpweya umapanikizika kulowa m'malo ocepa. Madzi satero: botolo la pulasitiki lodzaza madzi mpaka pakamwa ndi lotsekedwa silifinyika, koma lokhala ndi mpweya wokha limafinyika pang'ono.

Mpweya ulinso ndi kulemera. Taganizani bokosi la mita imodzi m'litali, mita imodzi m'lifupi ndi mita imodzi msinkhu. Kuno kwathu, kumene dziko ndi lokwera, mpweya wodzaza bokosi limenelo umalemera pafupifupi kilogalamu imodzi. Ana a magiredi apamwamba apime kalasi lao, awerengere. Kalasi la mamita 8 m'litali, 7 m'lifupi ndi 3 msinkhu lingalowe mabokosi otere 168. Ndiye kuti mpweya wa m'kalasi limenelo ukuposa kulemera kwa matumba atatu a cimanga a makilogalamu 50. Ana adzadabwa, ndipo kudabwako n'kwabwino. Muwauzenso kuti mpweya si mtundu umodzi: pa magawo 100 a mpweya umene timapuma, 78 ndi naitirojeni, 21 ndi okosijeni amene thupi ndi moto zimamfuna, ndipo gawo lotsalalo ndi mipweya ina.

Kodi mcere wapita kuti?

Pangani sikelo: mangani cingwe pakati pa ndodo yoongoka, ndi kupacika citini ku nsonga iri yonse. M'citini cimodzi ikani kapu ya madzi, ndipo pambali pa kapuyo ikani kaphukusi ka mcere wokwana masupuni atatu, wokulunga m'pepala. M'citini cinaco thirani mcenga kufikira ndodo itagona mofanana. Tsono funsani: "Tikasungunula mcere m'madzi mpaka usaonekenso, kodi mbali iyi ipepuka, ilemera, kapena ikhala momwemo?" Ambiri adzati ipepuka, pakuti mcere ukhala utatha. Mwana mmodzi acotse kapu, athiremo mcere, abvundule mosamala osataya dontho, ndi kubwezera kapu ndi pepala lomwe m'citini. Ndodo idzagona monga kale.

Zimene ana aona pa ndodo imeneyo ndi lamulo lalikulu la sayansi. Katswiri wa ku France, Antoine Lavoisier, analifotokoza m'buku lake la m'caka ca 1789, atapima zinthu mosamala pa sikelo zisanasinthe ndiponso zitasintha: zinthu zimasintha maonekedwe, koma kulemera kwa zonse pamodzi sikutayika.

Koma ana afunabe kuuona mcere wao. Athire madzi amcerewo pang'ono pa cibvundikiro cakuda ca poto, aike pa dzuwa. Madzi akauma padzatsala timiyala toyera. Gulu lina liyese kuonjezera mcere supuni ndi supuni, kufikira utakana kusungunuka. Lita imodzi ya madzi imasungunula mcere pafupifupi magalamu 360, ndipo woposa pamenepo umangokhala pansi.

Nzeru imeneyi si yacilendo m'midzi mwathu. Agogo akamacheza cidulo cophikira therere, amathira madzi pa phulusa m'cotengera cobooka pansi. Madzi amasungunula zimene zingasungunuke, nadontha nazo, ndipo phulusa losasungunuka limatsala. Ku Kaputa, kumpoto kwa dziko lathu, anthu amapeza mcere mwa njira yofanana: amasefa madzi kupyola m'dothi lamcere, nawawiritsa mpaka mcere utatsala mumphika. Tumani ana akafunse akulu kwao mmene cidulo cimapangidwira, ndipo mawa lake afotokoze kuti kusungunula kuli pati, kusefa kuli pati. Mwana akaona kuti agogo ake amadziwa sayansi, saiopanso.

Madzi asintha, koma sanathe

Mcere taupeza, nanga madzi aja anapita kuti? Ikani mbale ziwiri za madzi ocepa pa dzuwa. Ina ikhale yosabvundikira, ina muibvundikire ndi pulasitiki yoonekera mkati, yomangidwa bwino. Pofika madzulo madzi a m'mbale yoyamba adzakhala atacepa kapena kuuma, koma kunsi kwa pulasitiki kudzakhala madontho. Madzi anasanduka nthunzi, nakwera. Amene anapeza cochinga anabwerera kukhala madontho. Ana akumbukire cibvundikiro ca poto wa ndiwo, mame a m'mawa pa udzu, ndiponso galasi la zenera limene limacita cifunga ukaliuzira mpweya m'mawa wa mwezi wa Juni.

Apa pali cinthu cimene ngakhale akulu amasokoneza. Nthunzi yeniyeni ya madzi siioneka. Yang'anani ketulo ikamawira: pafupi penipeni ndi kamwa yake pali kampata koyera mbee, kopanda kanthu kooneka, ndipo coyera cija cimayambira patsogolo pang'ono. M'kampatako ndimo muli nthunzi. Coyeraco ndi timadontho tating'ono ta madzi amene ayamba kale kuzizira. Comweconso utsi wa Mosi-oa-Tunya si utsi wa moto, koma timadontho ta madzi a Zambezi amene agwa mamita oposa 100.

Buku limati madzi amawira pa madigiri 100, ndipo zimenezo ndi zoona kumalo otsika ofanana ndi nyanja yamcere. Mzinda wa Lusaka uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,300, kumene mpweya sukanikiza kwambiri, cotero madzi amawira pa madigiri pafupifupi 96. Mukakhala ndi copimira kutentha, musaganize kuti cafa cikalephera kufika pa 100.

Matalala akagwa, ana atole, aike m'kapu, aone colimba cikusanduka madzi. Yatsani kandulo, aone phula likusungunuka, likuyenderera, ndi kulimbanso. Kenaka muwauze kuti ngakhale mkuwa umatero. Pa madigiri 1,085 mkuwa umasungunuka, ndipo m'ng'anjo za ku Mufulira ndi ku Chingola umathiridwa m'zikombole uli wamadzimadzi. Makolo akale a dziko lino anaidziwa nchito imeneyi. Ku Ing'ombe Ilede, m'cigwa ca Zambezi kumunsi kwa damu la Kariba, m'caka ca 1960 kunapezeka manda akale okhala ndi mitanda ya mkuwa youmbidwa m'zikombole. Cotero mau akuti colimba ndi camadzimadzi sanena mtundu wa cinthu, koma mmene cinthuco ciriri pa kutentha kumene cakumana nako.

Kumene nzeru iyi imapulumutsa moyo

Tsopano ndifike pa lonjezo langa lija. Tungani madzi amatope, ana awasefe kupyola m'nsalu ndi mumcenga wotsuka mpaka ayere. Funsani ngati angamwe. Ena adzabvomera, cifukwa madziwo akuoneka bwino. Pamenepo sefani madzi amcere aja pa nsalu yoyera, ndipo mwana mmodzi alawe kadontho. Mcere ulimobe. Ngati mcere wosaoneka wapyola nsalu, nanga tizirombo ta matenda, timene natonso sitioneka ndi maso? Ambiri mukumbukira kuti m'caka ca 2024 masukulu m'dziko muno anacedwa kutsegulidwa kwa milungu ingapo cifukwa ca mliri wa kolera umene unayamba mu Okutobala 2023. Madzi oyera m'maso angakhale ndi imfa. Madzi akumwa tiwawiritse mpaka abwadamuke kwa mphindi yathunthu, kapena tithiremo kolorini potsata malangizo a pa botolo.

Cinthu caciwiri ndi mbaula. Inu aphunzitsi yatsani kandulo kakafupi, mukabvundikire ndi botolo lagalasi lotakata kukamwa, ana awerenge kufikira lawi litazima. Bwerezani ndi botolo lalikulupo, lawi likhalitsa. Moto umadya okosijeni, ndipo akacepa lawi limazima. Pamenepo afotokozereni kuti makala akamayaka m'cipinda cotseka amatulutsa mpweya wakupha wochedwa kaboni monokisaidi. Ulibe mtundu, ulibe fungo. Ukalowa m'magazi umakangamira pamalo pa okosijeni mwamphamvu yoposa ya okosijeniyo kuwirikiza ka 200, ndipo thupi limafooka munthu ali m'tulo.

M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julaye anthu ambiri amadikira kuti makala aleke kufuka utsi, nati tsopano ali bwino, nalowa nao m'nyumba, natseka citseko ndi mazenera. Kumeneko ndiko kukhulupirira maso kuja: utsi suoneka, ndiye kuti palibe coopsa. Koma makala ofiira opanda utsi amatulutsabe mpweya wakuphawo. Ana, mverani bwino. Musagone ndi mbaula yamoto m'nyumba. Mukaona kuti anthu a m'nyumba mmene muli mbaula akumva mutu, cizungulire, mseru kapena kufooka, tsegulani citseko ndi mazenera msanga, onse atuluke panja, itanani akulu, ndipo odwalawo apite nao kucipatala. Mwana amene anamva ndi dzanja lake mpweya ukukana madzi m'tambula sadzabvutika kukhulupirira kuti m'cipinda mungadzaze cinthu cimene iye saciona.

Kalasi lalikulu ndi kusamala

Ena a inu muli ndi ana 60 kapena kuposa m'kalasi limodzi. Agaweni m'magulu a ana asanu ndi mmodzi, ndipo ali yense akhale ndi nchito yake: wotenga zipangizo, woyesa, wopenyetsetsa, wolemba, wofotokozera kalasi ndi wokonza pamalo. Nchitozi zizisinthana tsiku ndi tsiku, kuti atsikana asamangokhala otunga madzi ndi kukolopa pamene anyamata akuyesa. Zoyesa zamadzi citirani panja pansi pa mtengo. Ngati beseni ndi limodzi, gulu lina liziyesa pamene ena akujambula zimene aganiza kuti zicitika.

Za moto, madzi otentha ndi magalasi zikhale m'manja mwa inu nokha. Mwana asalawe kanthu kali konse popanda cilolezo canu, ndipo colawa cikhale mcere kapena shuga m'madzi akumwa, m'ziwiya zotsuka. Coyesa cikakanika musabise. Funsani ana kuti calakwika n'ciani: kapena tambula inapendekeka, kapena madzi anatayika pa sikelo. Kufufuza colakwika nakonso ndi sayansi.

Pofuna kudziwa ngati ana amva, musangowafunsa kuti achule magulu atatu a zinthu. Apatseni funso latsopano. Cifukwa ninji botolo lomizidwa m'citsime limalira gubugubu podzaza? Cifukwa ninji zobvala zimauma msanga tsiku la mphepo? Shuga akasungunuka m'tiyi, kodi kapu yalemera kapena ayi? Mwana woyankha mafunso otere m'mau ake ndiye wamvetsa, ndipo mayeso olemba sadzamubvuta.

Zocita sabata ino

Ana, nazi nchito zanu zitatu. Yesani tambula ndi pepala kunyumba, muonetse makolo anu, ndipo muwafunse ayambe anena cimene aganiza kuti cicitika. Funsani agogo kapena amai mmene amachezera cidulo, mujambule cithunzi cake. Pomaliza, fotokozerani a m'nyumba mwanu cifukwa cake mbaula yamoto iyenera kugona panja.

Inu aphunzitsi, sankhani coyesa cimodzi cokha mwa izi, muciyese nokha madzulo ano, ndipo mawa mucibweretse m'kalasi. Mukanyamula tambula youma ndi kufunsa kuti muli ciani, ana akadzati mulibe kanthu, musakhumudwe monga ndinacitira ine, ndiponso musayankhe. Ingosendezani ndowa ya madzi pafupi, muitane mwana woyamba.